Chithunzi cha kwa Mulikha

Sunthirani chikunicho mkati, moto ungazime nkhani isanafike pakati. Iyi ndi ya Binwell Kachingwe, wojambula zithunzi wa ku Bangwe, amene anapita kukajambula nyenyezi kumudzi kumene kulibenso munthu woyatsa nyali.

Binwell ankadya za kamera. Loweruka lililonse ankakhala pa ukwati kapena pa chinkhoswe, thukuta lili kamukamu, akufuula kuti, "Akuchimuna mwetuliraniko, si maliro awa!" Koma mtima wake sunali pa akwati, unali kumwamba. Anaphunzira luso lina lake lodabwitsa. Ukaimika kamera pa miyendo yake itatu usiku wopanda mwezi, n'kuisiya diso lili chitsegulire kwa nthawi yaitali, nyenyezi sizituluka ngati timadontho ayi. Zimatuluka ngati mizere yozungulira, wina mkati mwa unzake, ngati nkhata yaikulu yolukidwa ndi moto. Pajatu thambo limayenda, maso athuwa ndiwo amalephera kuliona.

Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali magetsi. Anayesa pa phiri la Mpingwe, anayesa ku Michiru, koma kuwala kwa tauni kunkafiiritsa thambo ngati chilonda. Ngakhale magetsi atazima, amasitolo ankaliza majenereta awo. Mdima weniweni, wakuda bii, unkamusowa.

Tsiku lina madzulo anauza mkazi wake, Esinala, amene ankapinda zovala pamphasa.

"Esinala, kwanu kuja ndiye kuli mdima umene ndikuufuna."

Esinala anasiya kupinda. Kwawo kunali kwa Mulikha, cha ku Phalombe, m'munsi mwenimweni mwa phiri. Zaka zingapo m'mbuyomo napolo anatsika usiku anthu ali m'tulo, n'kukwirira mudzi wonse ndi matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Amayi ake a Esinala anatsalira momwemo, pamodzi ndi abale ena ambiri. Mitembo yochuluka sinapezeke. Anthu anakumba mpaka makasu anatha mano, kenako abusa anaima pamwamba pa mwala n'kupempherera malo onsewo kuti akhale manda. Otsala anasamukira kutali, kufupi ndi msewu.

"Kwathu kulibe," anatero Esinala. "Kuli manda."

"Sindikukajambula pansi ayi. Kamera ikaloza kumwamba."

"Nanga miyendo yakeyo ikaponda pati? Pamutu pa amayi anga?"

Esinala anayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma chosamva anachiphikira m'masamba. Mwezi wa Ogasiti utafika, mwezi wakumwamba uli kumdima, Binwell ananamiza mkazi wake kuti wapeza chinkhoswe ku Migowi. Analongedza kamera, tochi, fulasiki ya tiyi ndi jekete lolemera, n'kukwera minibasi.

Sanapite ku chinkhoswe chilichonse. Anapita kwa mlamu wake Laisoni, mchimwene wamkulu wa Esinala. Usiku wa napolo Laisoni anali ku Mozambique kogula nandolo. Pobwerera anapeza miyala pamene anasiya mkazi wake Felesiya ndi ana awiri, Yohane ndi Lute. Kuyambira pamenepo ankakhala yekha m'kanyumba ka chipinda chimodzi kumalo atsopano aja, n'kumayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo anthu ankati chichitikire ngoziyo palibe anamumvapo akuseka.

Binwell anafotokoza chimene anabwerera, maso ali pansi, akudikira kukalipiridwa. Laisoni anangopukuta manja ake pa kansanza ka oyilo.

"Nokha simungafike, alamu. Njira inasintha. Ndikuperekezani."

"Simukuopa?"

"Ndiope ndani? Onse ndi anga."

Ananyamuka dzuwa likupendeka. Anadutsa minda youma ya nandolo, anaoloka mtsinje wopanda madzi, fumbi likuwatsata m'mbuyo. Nyumba zinayamba kutalikirana, kenako zinatheratu. Chisisira chitagwa, njinga ikukwera kamtunda, anaona mayi wina ali chiimire m'mbali mwa njira, atasenza mphasa yokulunga. Anakweza dzanja, Laisoni n'kuchepetsa liwiro.

"Pepani abambo," anatero mayiyo, mawu ake otsika ngati wa chimfine. "Kodi mvula yakata kumtundaku?"

Binwell anafuna kuseka. Mvula yanji mu Ogasiti, dziko lili gwa? Koma kenako anamuyang'anitsitsa. Chitenje cha mayiyo chinali chitamatirira m'miyendo, ndipo kunsonga kwa mphasa kunkadontha madzi, tho, tho, pa fumbi. Nkhope yake sinkaoneka bwino chifukwa mphasayo inkaiphimba.

"Yakata, mayi," anayankha Laisoni modekha. "Pitani mukagone."

Anapotokola chiwongolero, njinga n'kupitirira.

"Mukuwadziwa amenewo?" anafunsa Binwell.

"Musacheuke, alamu."

Binwell sanacheuke mpaka anafika.

Kwa Mulikha kunalibe chilichonse chosonyeza kuti kunali mudzi. Kunali miyala yokhayokha, yotuwa, ina yaikulu ngati basi, itamwazikana kuchokera m'munsi mwa phiri mpaka kumene maso analekezera. Paphiri pomwepo pankaoneka chipsera choyera, chotalika, pamene napolo anatsetserekera. Mtengo umodzi wa mango unatsala, utakwiririka mpaka m'mphanda, nthambi zake zili pansi ngati chitsamba. Laisoni atazimitsa njinga, Binwell anamva chete amene sanamumvepo chibadwire. Kunalibe nkhululu, kunalibe chule, kunalibe galu wouwa ngakhale kutali.

Koma thambo! Nyenyezi zitayamba kutuluka, Binwell anaiwala mayi wa mphasa, anaiwala bodza limene anasiyira mkazi wake. Zinali zochuluka ngati mchenga, zina zikuphethira pafupi ngati ungazitole ndi dzanja. Mlalang'amba unayala mtanda wake woyera kuchokera pamwamba pa phiri mpaka kutsidya. Anapeza mwala wafulati, anaimikapo miyendo itatu ija, analozetsa kamera kummwera kumene nyenyezi zimazungulirira, n'kusiya kachigawo ka miyala ndi mango uja m'munsi mwa chithunzi kuti thambo likhale ndi pokhazikika. Anavula kachivundikiro ka diso la kamera n'kukaika pamwala pafupi ndi phazi lake.

"Tsopano tizimitse tochi," anatero. "Kuwala kulikonse kuononga."

Anadina batani. Kamera inati tche, diso n'kutseguka.

Anakhala pansi awiriwo, misana itatsamira mwala, chisanu chikutsika kuchokera kuphiri. Binwell anathira tiyi m'kapu ya fulasiki, anamwako, n'kuiika pambali pake. Anacheza pang'ono za mtengo wa petulo, za nandolo amene sanabereke chaka chimenecho. Kenako nkhani zinatha.

Choyamba kubwera chinali fungo. Linali la dothi lonyowa, lija limamveka mvula yoyamba ikangogunda pansi. Binwell anakweza maso, koma kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Anapapasa pansi, dothi linali louma ngati njerwa yootcha.

Anatambasula dzanja kuti atenge kapu yake, sanaipeze. Anapapasa uku ndi uku.

"Alamu, mwatenga kapu?"

"Ayi."

Anaphimba tochi ndi chikhatho n'kuyatsa pang'ono chabe. Kapu inali pa mwala wina, kutsogolo kwawo, itavundikiridwa pansi, yotsukidwa bwinobwino, madzi akuyenderera pamwalapo. Umo ndi mmene mayi amaikira ziwiya pathandala akamaliza kutsuka. Binwell anayang'ana pamene anaika kachivundikiro ka kamera. Panalibe.

"Ana amenewo," anatero Laisoni mumdimamo. "Amakonda tinthu tozungulira. Musadandaule."

Binwell anazimitsa tochi.

Kenako kunabwera phokoso. Silinali lalikulu. Wina ankasesa, tsache likukwecha pansi pang'onopang'ono, kusiya, n'kuyambanso. Kwinakwake wailesi inkalira motsika kwambiri, mawu ake osamveka, ngati ili m'nyumba yotseka zitseko. Mwana anatsokomola kawiri. Binwell anatembenuza mutu kufunafuna kumene zikuchokera, kumanja kapena kumanzere, mpaka anazindikira kuti akuzimvera m'matako ndi m'zikhatho zake zimene zinali pansi. Anachotsa manja msanga n'kuwapinda pachifuwa.

"Mukumva?" ananong'ona.

"Ndimamva nthawi zonse ndikabwera," anatero Laisoni. "Kuona ndiye sindinaonepo. Ndimangokhala pano mpaka kucha."

Binwell sanathenso kupirira. Anadzuka, anadina batani, diso la kamera n'kutseka. Ankafuna angoona ngati chithunzi chatheka, alongedze, azipita. Kagalasi ka kumbuyo kwa kamera kanawala.

Chinali chithunzi chimene anachilota zaka zonsezo. Nyenyezi zinajambula mizere yake yopindika, yoyera, yabuluu, ina yofiirira, zonse zikuzungulira malo amodzi pamwamba pa phiri. Koma m'munsi, pakati pa miyala, munali zinthu zakuda zoimirira. Zinali ngati zitsa za mitengo, zina zazitali, zina zazifupi, zitatalikirana.

"Pali zitsa apa?" anafunsa.

Anawalitsa tochi kutsogolo, kuwala kukuyenda mwala ndi mwala. Panalibe chitsa ngakhale chimodzi.

Laisoni anali ataima kale pambali pake, akuyang'ana kagalasiko.

"Makinawa amaona bwanji, alamu?"

"Amasonkhanitsa kuwala pang'onopang'ono," anatero Binwell. "Munthu atadutsa kutsogolo kwake akuyenda, saoneka n'komwe. Chimaoneka ndi chokhacho chimene chakhala malo amodzi nthawi yonseyo."

"Ndiye awa anaima nthawi yonseyi."

"Mwina ndi mithunzi ya miyala. Tiyeni tizipita."

"Jambulaninso."

"Alamu..."

"Ndakunyamulani ulere mpaka kuno. Sindinakupempheni kanthu. Jambulaninso, koma mutsitse diso lake pang'ono."

Binwell anatsitsa. Anadina batani, n'kukhalanso mumdima. Ulendo uno sanakhale pansi. Anaima atagwira jekete lake pakhosi, akumvetsera. Tsache linali litasiya. Wailesi inali itazimitsidwa. Chete ameneyo anamuopsa kuposa phokoso lija, chifukwa ankamudziwa bwino. Ndi chete amene amagwa pa gulu la anthu wojambula akakweza dzanja.

Atatseka diso la kamera, sanafune kuyang'ana. Laisoni ndiye anawerama pa kagalasi.

Zinali zitasendera. Zimene poyamba zinali kutali, cha ku mango, tsopano zinali pafupi, ndipo zinali zitachuluka. Sizinalinso zitsa. Zinali ndi mapewa. Zinali ndi mitu, ina yomanga mipango. Nkhope sizinkaoneka, panali mdima wokhawokha, koma mitu yonse inaloza ku kamera.

"Kulitsani apa," anatero Laisoni, chala chake chili pakona ya kumanzere.

Binwell anakulitsa. Panali wamtali pang'ono, ataima mopendekera mbali imodzi, kanthu kakang'ono kali m'chiuno mwake. Pambali pake panaima wina wofika m'chiuno, manja ali kumbuyo.

Laisoni anapuma mwamphamvu ngati wamenyedwa chibakera pamimba.

"Felesiya amaima chonchi akanyamula Lute. Phazi lina kutsogolo. Ndinkamunena kuti adzapindika msana." Anakhudza kagalasi ndi chala, pang'onopang'ono. "Uyu ndi Yohane. Amabisa manja akaba shuga."

"Alamu, sizikuoneka bwino izi. Aliyense angathe kuima choncho."

"Mukudziwa kuti ndilibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi? Zonse zinapita ndi nyumba. Foni inali ndi Felesiya. Yohane ndimamukumbukira. Koma Lute, alamu, nkhope yake inandithawa. Ndikatseka maso ndimaona diresi lake, ndimaona timapazi, koma pankhope palibe kanthu. Bambo wanji woiwala nkhope ya mwana wake?"

Laisoni anaongoka, anavula chipewa chake cha ubweya, anasalaza tsitsi ndi chikhatho, n'kumanga batani lapakhosi la malaya ake.

"Mundijambule nawo."

"Ayi! Zimenezo ayi. Ndikakamuuza chiyani Esinala?"

"Chimodzi chokha. Mumajambula mabanja a eni Loweruka lililonse. Langa mukukana?"

Binwell anamugwira mkono. Laisoni anachotsa dzanjalo mofatsa, ngati mmene munthu amachotsera dzanja la mwana.

"Musayatse tochi mpaka ndikuuzeni. Mukayatsa athawa, ndiye sindidzakukhululukirani."

Anatsika pamwala paja n'kuyenda kulowa mumdima. Binwell anamva nsapato zake zikuponda timiyala, zikutalikira, kenako zinaima.

"Ndafika," anatero Laisoni. "Dinani."

Tsono inu mukanatani? Njinga inali ya Laisoni, makiyi anali m'thumba mwa Laisoni, njira ankaidziwa ndi Laisoni. Ndipo Binwell anali atamva mawu a mlamu wakeyo. Munali chimwemwe chimene sichinamvekemo zaka zonsezo. Anadina batani.

Anadikira. Nyenyezi zinkayenda ulendo wake wosaoneka. Fungo la dothi lonyowa linakula mpaka linkamveka m'kamwa.

"Alamu?"

"Ndilipo."

Anadikiranso. Anayamba kunena Atate Wathu chamumtima, koma ankangosokonezeka pakati n'kuyambiranso.

"Alamu, zakwana tsopano?"

"Ayi. Dikirani. Akubwera pafupi." Kenako Laisoni anaseka. Kunali kuseka kwapansipansi, kwa munthu amene mwana akumukoka ndevu. "Iwe, wakula chonchi?"

Binwell anafika nacho chala pa batani la tochi, n'kuchichotsanso.

Patapita nthawi anaitananso. "A Laisoni!"

"Ndilipo."

Mawu anali ake ndithu, koma sanachokere pamene anaima paja. Anamveka otsika, otsekeka, ngati a munthu wolankhulira m'chitsime.

"A Laisoni, bwererani! Ndikutseka!"

Kenako yankho linabwera, ndipo silinali la munthu mmodzi. Linachokera kutsogolo, kumanja, kumanzere, ndi kuseri kwa mwala umene iye anaimapo. Amuna, akazi, nkhalamba, ana, onse pamodzi, mofatsa, ngati mpingo woyankha m'tchalitchi.

"Tilipo."

Binwell anakuwa. Anayatsa tochi n'kuizunguza mbali zonse. Panali miyala, mango uja, ndi dothi louma. Anaitana dzina la mlamu wake mpaka mawu anasasa, phiri likumubwezera. Anatsika pamwala kuti akafufuze, koma phazi lake litangoponda pansi linamira mpaka m'kakolo mu chinthu chozizira, chofewa. Analizula, anakwatula kamera ndi miyendo yake yomwe, n'kuthawa.

Mmene anapezera njira sakudziwa. Anagwa, anadzuka, anang'ambika mawondo, anagwanso. Kunja kukuyera anafika pa nyumba zoyamba za kumalo atsopano, akugogoda zitseko ngati wamisala.

Amuna a m'mudzimo anapita naye dzuwa litakwera. Njinga anaipeza pamene anaisiya, mame ali pachishalo. Anafufuza mwala ndi mwala, akuitana. Masana mnyamata wina wa kabaza, mnzake wa Laisoni, anaimika dzanja. Onse anasonkhana. Pakati pa miyala iwiri panali nsapato za Laisoni, zili moyandikana, zitaloza kumene kunali kamera. Zinali zitamira mpaka m'kamwa mwake mu dothi louma gwa, loti khasu linkadumpha. Zingwe zake zinali chimangire.

Wina anabweretsa khasu ndithu, anazikumba n'kuzitulutsa. Atamaliza anayang'ana anzake, khasu lili m'manja, kufunsa ndi maso ngati apitirize kukumba. Palibe anagwedeza mutu. Mmodzimmodzi anavula zipewa.

Apolisi anamusunga Binwell masiku angapo, akumufunsa mafunso omwewomwewo. Anawauza zonse kupatula za chithunzi chomaliza, chimene ngakhale iye anali asanachione. Kakhadi ka kamera anali atakabisa m'sokosi. Posowa mtembo, posowa magazi, anamumasula.

Esinala anabwera kudzamutenga. Sanamukalipire, sanalire pamaso pake. Atafika ku Bangwe anatseka chitseko, anakhala pampando, n'kutambasula dzanja.

"Ndionetseni."

"Palibe choona, Esinala."

"Munandinamiza kamodzi, achimwene anga apita. Musandinamizenso. Ndionetseni."

Binwell analowetsa kakhadi mu kompyuta. Chithunzi chinatseguka, chachikulu, kudzaza galasi lonse.

Kumwamba nyenyezi zinali zitazungulira ngati kale. Pansi panali gulu la anthu, litaima mwadongosolo, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo, ana atakhala pansi. Onse anali akuda ngati mithunzi, m'mphepete mwawo mosaoneka bwino. Pakati pawo Laisoni yekha ndiye ankaoneka bwinobwino, malaya ake oyera, batani lapakhosi lili chimangire. Ankamwetulira mano onse pamtunda. Pamkono pake panali kanthu kakang'ono kakuda, katazinga khosi lake ndi timanja.

Esinala anasendera pafupi. Chala chake chinayenda pamwamba pa galasi osalikhudza.

"Azakhali a Dolesi awa. Awa ndi a Mukhova, oyandikana nafe. Alamu anga a Felesiya." Chala chinaima pa mthunzi wina waufupi, wonenepa, womanga mpango waukulu. "Amayi."

Anauyang'ana nthawi yaitali. Binwell anafuna kutseka, koma Esinala anamugwira dzanja.

"Taonani apa."

Pakati pa amayi ake ndi Laisoni panali mpata. Ena onse anali atathithikana phewa ndi phewa, koma pamenepo anasiya malo okwana munthu mmodzi, ndipo kudzera mu mpatawo munkaoneka mwala wotuwa wa kumbuyo. Dzanja la amayi aja linali litatambasukira mu mpatamo, m'mwamba pang'ono, ngati lakoleka paphewa la munthu amene sanafike.

"Ndife atatu m'nyumba mwathu," anatero Esinala, mawu ali phee. "Amayi, achimwene, ndi ine."

Binwell anazula kakhadi kaja. Anatuluka nako panja, anakaphwanya ndi mwala mpaka kanasanduka zinyenyeswa, n'kukataya m'chimbudzi. Sabata yomweyo anagulitsa kamera ndi miyendo yake, n'kuyamba kugulitsa zovala za kaunjika mumsika wa Limbe. Anaitana abusa kudzapemphera m'nyumba, anaitananso amayi a mvano kudzachezera Esinala. Esinala ankawalandira bwino, ankaimba nawo, ankaseka pofunika kuseka. Aliyense anati wapirira ngati mzimayi wolimba mtima.

Mwezi unatuluka, unakula, unatha. Usiku woyamba wa mdima Binwell anadzidzimuka n'kupeza mbali ya bedi ili yozizira. Chitseko chinali pululu. Anatuluka ndi kabudula yekha. Esinala anali pabwalo, atavala diresi lake la ku tchalitchi, mpango atamanga bwino, ataima njo kuyang'ana kum'mawa, kumene kuli Phalombe. Sankaphethira. Phewa lake lamanzere linali lotsika pang'ono, ngati pali chimene chalitsamira.

Binwell anamuitana, sanayankhe. Anamugwira pamkono, khungu lake linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anayesa kumukokera m'nyumba, koma mzimayi wochepa thupi uja sanasunthe ngakhale pang'ono. Ndiye anangoima naye pomwepo, atamugwira mkono ndi manja onse awiri, mpaka tambala analira. Pamenepo Esinala anaphethira, anamuyang'ana modabwa, n'kufunsa kuti akutani panja opanda malaya.

Zinachitikanso mwezi wotsatira, ndi winawo. Binwell anayesa kukiya chitseko n'kubisa kiyi, koma ankapeza chili chotsegula. Anasamuka ku Bangwe kupita ku Ndirande, pakati pa nyumba zothithikana, pansi pa getsi la mumsewu. Usiku wa mdima getsilo linkazima lokha. Ulendo wina anachedwa kudzuka, n'kukamupeza atafika kale kumsewu waukulu, ali chiimire m'mbali mwa phula. Kuyambira pamenepo mwezi ukamatha Binwell sagona. Amakhala pakhomo atavala jekete, kudikira.

Oyandikana nawo anazolowera. Ena amati mkaziyo anadwala mutu ndi chisoni, ena amangotseka makatani. Mayi wina wogulitsa mandasi, amene amadzuka kusanache kukazinga, ndiye anamva chimene chinanenedwa usiku wina. Akuti awiriwo anali chiimire pabwalo monga mwa masiku onse, mwamuna atagwira mkono wa mkazi wake, akunjenjemera ndi chisanu. Ndipo kwa nthawi yoyamba Esinala analankhula ali momwemo, osatembenuka, mawu ake ofatsa ngati akupempha mchere.

"Ndisiyeni, abambo. Amayi atopa kuima."

Binwell sanamusiye. Mpaka pano sanamusiye. Koma amene amamuona mumsika wa Limbe akuti manja ake ayamba kunjenjemera ngakhale masana, moti pena malaya amamupulumuka akamapatsa wogula. Ndipo mwezi, monga munauonera m'bandakucha, watsala kachidutswa.